Zomba Wina wa M'mlengalenga

Pakati pa njira za mapulaneti a Mars ndi Jupiter pali khamu la miyala imene imazungulira dzuwa usana ndi usiku. Ina ndi yotambalala makilomita mazanamazana, pamene ina ndi zibuma chabe. Umodzi mwa miyalayi, umene uli m'mphepete mwa khamuli chakumbali ya Mars, dzina lake ndi Zomba, ndipo nambala yake m'kaundula wa akatswiri a zakuthambo ndi 1468.

Adautulukira mwalawu ndi Cyril Jackson pa 23 Julaye 1938. Mkuluyu adabadwira ku Yorkshire, m'dziko la Mangalande, m'chaka cha 1903, koma adakulira ku South Africa, ndipo kuyambira 1928 ankagwira ntchito pa Union Observatory, nyumba yopimirako zakuthambo mumzinda wa Johannesburg. Ntchitoyi idali yofuna kufatsa. Makina oonera kutali ankawalozetsa kumwamba n'kumawatembenuza pang'onopang'ono kuti azitsata nyenyezi, kwinaku kuwala kwake kukujambulika pagalasi lopakidwa mankhwala. Akalitsuka galasilo, nyenyezi zinkaoneka ngati timadontho, koma mwala woyenda unkasiya kamzere, monga momwe nkhono imasiyira mkukuluzi pamene yadutsa. Njirayi adaiyamba ndi Max Wolf wa ku Heidelberg mu 1891. Thambo la ku Johannesburg limakhala loyera m'miyezi yozizira, choncho Julaye udali mwezi wokolola.

Komatu kuona kamzere sikutulukira ayi. Mwala umene njira yake sinawerengedwe uli ngati mbuzi yopanda chizindikiro: ikalowa m'gulu la zinzake, mwini wake sangailozenso. Izi zidatsala pang'ono kumuchitikira Giuseppe Piazzi wa ku Palermo, amene adaona Ceres, woyamba kudziwika m'khamuli, pa 1 Januwale 1801. Patangopita milungu yochepa, Ceres adabisika m'kuwala kwa dzuwa, ndipo chidamupulumutsa ndi masamu a Carl Friedrich Gauss, amene adalozera anthu pamene akampezenso kumapeto kwa chaka chomwecho. N'chifukwa chake mwala supatsidwa nambala yokhazikika kapena dzina mpaka njira yake itatsimikizika.

Njira ya Zomba si yozungulira bwino ngati mkombero wa lichero. Ndi yobulungira motalika ngati dzira. Ukayandikira dzuwa umakhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 240 miliyoni, ndipo ukatalikira umafika pafupifupi 420 miliyoni, pamene dziko lathuli limakhala pamtunda wa 150 miliyoni. Potero umalowerera pang'ono m'dera limene Mars amayendamo, ndipo akatswiri amauika m'gulu la miyala yodutsa njira ya Mars. Ulendo umodzi wozungulira dzuwa umautengera zaka zitatu ndi miyezi itatu. Kukula kwake ndi makilomita pafupifupi 7 basi, mtunda umene mwana wasukulu angayende m'mawa umodzi.

Nanga dzina la Zomba lidakwera bwanji kumwamba? Mwambo wa akatswiriwa ndi wakuti wotulukira ndiye amasankha dzina. Jackson adatulukira miyala 72, ndipo yambiri idatenga maina a malo, mitsinje ndi mitundu ya anthu a mu Africa: Zambesia, Luanda, Mashona, Beira, Limpopo. Munthu powerenga mainawa amakhala ngati akuyendetsa chala pa mapu a atsamunda a nthawi imeneyo, ndipo n'zoona kuti eni ake a maderawo sindiwo adali ndi mawu pa kusankhako. Mu 1938 n'kuti tawuni ya Zomba ili likulu la Nyasaland. Likululo lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, Jackson adamwalira mu 1988, koma mwalawo wazungulira dzuwa maulendo oposa 25 chiutulukireni. Ndi wozilala kwambiri moti ngakhale munthu atakwera pamwamba pa phiri la Zomba usiku wopanda mwezi, sangauone ndi maso paokha.