Wi-Fi Inabadwila pa Dzala

Tikafika pa nyumba ya mnzathu, moni usanathe tafunsa kale password. Router tigula ku Kamwala kapena ku Town Centre, tiilumikiza ku magetsi, basi yayamba kuseŵenza. Palibe amene amakaima pa mzele ku ofesi ya boma kuti akalembetse kabokosi kameneka. Koma router ni wailesi, ndipo imaulutsa. Kwa zaka zambili, pafupifupi m'maiko onse, aliyense woulutsa pa mafunde a wailesi anali kufunika laisensi. Nanga Wi-Fi inapulumuka bwanji?

Nkhani iyambila mu 1947 ku Atlantic City, ku America. Pa msonkhano wa bungwe la ITU, maiko anapatula mafunde ena kuti akhale a makina a m'mafakitale, a asayansi na a m'zipatala. Makina amenewa amatulutsa mafunde ngakhale kuti sakambitsana na aliyense. Pakati pa mafundewo panali a 2.4 GHz, pamene pamaseŵenzela microwave yotenthetsela cakudya. Congo cinali cambili pamenepo, cakuti akatswili anali kupaona monga dzala. Makampani akulu-akulu sanali kupalimbilana.

Mu 1985, bungwe la FCC, limene limayang'anila mafunde ku America, linatsegula dzala limeneli kwa aliyense, popanda laisensi. Injiniya wa bungwelo, Michael Marcus, ndiye analimbikila maganizo amenewa. Koma panali malamulo. Mphamvu ya makina isapitilile watt imodzi. Uthenga uzimwazidwa pa mafunde ambili m'malo mounjikana pamodzi. Makina ako asasokoneze amene ali na laisensi, ndipo ena akakusokoneza, ulibe kokadandaula. Cacikulu cinali cakuti mtolo unacoka kwa wogula n'kupita kwa wopanga. Kampani ipeleka mtundu wa makina ake kuti upimidwe kamodzi, ukavomelezedwa, anthu mamiliyoni agula popanda fomu iliyonse.

Poyamba makina a kampani ina sanali kumvana na a kampani inzake. Komiti ya bungwe la IEEE, motsogoleledwa na Vic Hayes wa ku Netherlands, inagwilizanitsa zimenezi mu 1997 pa muyezo wochedwa 802.11, wa liwilo la 2 Mbps cabe. Mu 1999 liwilo linafika pa 11 Mbps, dzina lakuti Wi-Fi linabadwa, ndipo Apple inayamba kugulitsa laputopu ya iBook yokhoza kulumikizika popanda nthambo.

Si maiko onse anatsegula citseko mofanana. Ku Europe anaika malile a 100 milliwatt, gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yololedwa ku America. Ku France, asilikali anali kuseŵenzetsa mafunde amodzimodziwo, conco kwa zaka zingapo anthu wamba analoledwa machanelo 4 okha mwa 13. Ku South Africa, kutumiza Wi-Fi kupyola mpanda wa plot yako unali mlandu, cifukwa kulumikiza malo na malo inali nchito ya Telkom. Makina anali amodzimodzi kulikonse. Cosiyana cinali pepala la lamulo.

Kuno kwathu, intaneti inafika mu 1994 kupitila ku ZAMNET, imene inayambila pa UNZA. M'caka cimeneco lamulo linakhazikitsa Communications Authority of Zambia, imene mu 2009 inasanduka ZICTA. Na ise tinatsata njila ya kupima mtundu wa makina: wobweletsa marouter m'dziko kuti agulitse ndiye afunika civomelezo ca ZICTA. Ise ogula tingolipila pa kaunta. Ufulu umenewu unaonekela bwino ku Macha, m'boma la Choma, kumene m'zaka za m'ma 2000 gulu la LinkNet linagaŵa intaneti ya pa satellite ku cipatala na nyumba zozungulila, router iliyonse ikupatsila inzake. Nthambo za foni zinali kutali, koma mafunde a pa dzala analipo.

Tisaiwale kuti ufuluwu uli na malile. Umadalila mphamvu yocepa. Mmodzi akaika cokweza mphamvu kuti Wi-Fi yake imveke komboni yonse, aneba onse avutika, monga mmene sipika imodzi ya pa bala imalanda tulo msewu wonse. Ndipo kugaŵana intaneti m'nyumba n'kosiyana na kuigulitsa kwa anthu monga bizinesi, kumene kuli malamulo ake a laisensi.

Mkangano sunathe. Mu 2020 FCC inatsegulanso mafunde a 6 GHz kwa Wi-Fi, koma makampani a mafoni m'maiko ambili afuna kuti mbali ya mafundewo igulitsidwe kwa iwo. Dziko lililonse lisankha lokha. Mafunde ogulidwa timawalipilila mu ma bundle, pamene mafunde otseguka ndiwo amalola router imodzi kutumikila boarding house yonse. Conco ZICTA ikapempha maganizo a anthu pa nkhani ya mafunde, tisasiyile makampani okha kuyankha.