Gawo 64 ndi funso loti wasayina ndani

Lero tikumbutsane za lamulo lina limene linakhala chaka chimodzi chokha.

Malamulo aakulu a dziko lino amene anayamba kugwira ntchito pa 18 May 1994 anali ndi gawo 64. Gawoli linkapatsa anthu mphamvu zochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Wodandaula ankayenera kukhala munthu wolembetsa m'kaundula wa voti m'dera lomwelo, ndipo ankayenera kutsimikizira bungwe loyendetsa zisankho kuti theka la olembetsa onse, kapena kuposa apo, likufuna chisankho china. Bungwelo likakhutira, linkadziwitsa Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, mpando n'kukhala wopanda munthu. Mu 1995 aphungu analifafaniza gawoli.

Nthawi zambiri timangonena kuti aphunguwo ankateteza mipando yawo. Mwina n'zoona. Komabe panali vuto lina limene sitilikamba: mayina a pa chikalata akanawatsimikizira bwanji? Taganizirani za Mulanje wa 1994. Kunalibe chiphaso cha unzika. Ambiri ankadinda chala m'malo mosayina. Malire a Muloza ali pafupi, ndipo abale athu othawa nkhondo ku Mozambique anali asanathe kubwerera kwawo. Wodziwa kuti uyu ndi mwana wa uje anali nyakwawa basi. Munthu wochenjera akanatha kukhala pansi pa mtengo wa mango n'kudinda zala zake zonse khumi.

Vutoli ndi lakale. Mu 1848 ku London, gulu la Chartists linapereka chikalata ku Nyumba ya Malamulo lopempha kuti mwamuna aliyense aziponya voti. Iwo anati asayina ndi anthu oposa 5 miliyoni. Alembi atawerenga anapeza kuti sakufika 2 miliyoni, ndipo pa mayinawo panali ngakhale la Mfumukazi Victoria. Adani awo anapezerapo poseka, ndipo pempho labwinolo linagwa chifukwa cha mayina abodza.

Kwathu kuno zinthu zinasintha mu 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau linalembetsa anthu pafupifupi 9 miliyoni n'kuwapatsa ziphaso. Pokonzekera zisankho za 2019, chiphasochi ndicho chinagwiritsidwa ntchito polembetsa ovota. Lero nambala ya pa chiphaso ingathe kuonetsa ngati wosayina ndi munthu weniweni komanso ngati sanasayine kawiri. Chida chotsimikizira mayina tili nacho tsopano, koma gawo 64 silinabwerere.

Choncho mukamayendetsa chikalata chilichonse, kaya cha madzi a Likhubula kaya cha nkhalango ya m'phiri, lembani dzina lonse, mudzi, mfumu ndi nambala ya chiphaso. Musasayinire agogo amene ali kumunda, ngakhale mukudziwa maganizo awo. Dzina limodzi labodza limapatsa wolandira chikalata chifukwa chokanira mayina onse oona.

Nanga inu mukuti bwanji, gawoli libwerere?