Zipangizo zoitana thandizo munthu wogwira ntchito yekha akagwa

Anthu ambiri amagwira ntchito popanda mnzawo pafupi: mlonda wa usiku, woyendetsa chigayo, wokonza mawaya a magetsi, namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, mlimi wa ku dimba lakutali, ngakhalenso katekisiti wopalasa njinga kupita ku tchalitchi la kumalire a parishi. Munthu wotere akagwa n'kukomoka kapena kuthyoka fupa, ngozi yake imakula chifukwa palibe amene waona. M'maiko ambiri, makamaka a ku Ulaya ndi ku Amereka, olemba ntchito amapatsa antchito otere kachipangizo kamene kamazindikira kuti munthu wagwa ndipo kamaitana thandizo pakokha. Abale athu amene akusamalira okalamba ku Britain akuzidziwa kale zipangizozi, ndipo luso lake lalowa tsopano m'mawotchi ndi m'mafoni a m'manja. Tafuna kufotokoza pano magwiridwe ake, zofooka zake, ndiponso phunziro limene maparishi athu angatolepo.

Kukula kwa vutoli

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa. Mwa ngozi zonse zopha anthu, kugwa kumaposedwa ndi ngozi za pamsewu zokha. Anthu oposa 80 mwa 100 alionse omwalira motere ndi a m'maiko osauka ndi amene akungotukuka kumene.

Chimene madokotala amaopa kwambiri ndi nthawi imene munthu amakhala pansi asanathandizidwe. Akagona pansi kwa ola limodzi kapena kupitirira osatha kudzuka, madzi amayamba kuchepa m'thupi, thupi limazizira, khungu limachita zilonda pamene latsamira, ndipo minofu yopanikizika imatulutsa zinthu zimene zingaononge impso. Wovulala m'mutu akhoza kumataya magazi mkati mwa chigaza pamene kunja sikukuoneka kanthu. Motero bala limene likanachizika madzulo limatha kudzetsa maliro m'mawa mwake.

Chiyambi chake

Zipangizo zoyamba zinapangidwira okalamba okhala okha. Ku Amereka, kampani ya Lifeline, imene Andrew Dibner anaiyambitsa mu 1974, inkapereka kabatani kovala pa thupi. Munthu akagwa ankakadina, ndipo lamya ya m'nyumba inkaimba yokha kukadziwitsa othandiza. Njirayi inali ndi vuto limodzi lalikulu: wokomoka sangadine batani. Ozimitsa moto anapeza yankho lawo pa kachipangizo kotchedwa PASS, kamene kamalira mokweza munthu akakhala osasuntha kwa masekondi pafupifupi 30, kuti anzake amupeze mu utsi. Pambuyo pake kunabwera timasensa tating'ono ndi totsika mtengo, tofanana ndi timene timatembenuza chithunzi pa foni mukaigoneka cham'mbali. Mu 2018 kampani ya Apple inaika luso lozindikira kugwa mu wotchi yake ya Apple Watch Series 4, ndipo makampani ena anatsatira.

Mmene zimagwirira ntchito

Chipangizo cha wantchito chimavalidwa pa lamba, pa chifuwa, m'khosi kapena pa mkono. Mkati mwake muli kasensa kotchedwa accelerometer, kamene kamayeza kusintha kwa liwiro mbali zitatu: kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, kumwamba ndi pansi. Kasensa kena, gyroscope, kamayeza kupendekeka ndi kuzungulira kwa thupi. Zipangizo zina zili ndi barometer, imene imadziwa kuti munthu watsika mwadzidzidzi poyeza mphamvu ya mpweya womuzungulira.

Kugwa kwenikweni kuli ndi zizindikiro zitatu zotsatana: thupi limatsika mwaliwiro, limagunda pansi mwamphamvu, kenaka limakhala duu. Chipangizo chikaona zitatuzi chimaganiza kuti munthu wagwa. Zambiri zimachenjezanso munthu akagona chopendekeka kwa nthawi yoikika, kapena akakhala osasuntha konse, ngakhale sipanamveke kugunda. Palinso batani loti mwiniwake adine ngati ali maso, ndiponso wotchi ya pangano: wantchito amatchula nthawi imene adzamalize ntchito yoopsa, ndipo nthawiyo ikadutsa iye osazimitsa wotchiyo, uthenga umapita wokha.

Chisanaitane anthu, chipangizo chimayamba chalira kapena kunjenjemera kuti ngati munthuyo ali bwino achiletse. Mwachitsanzo, Apple Watch ikaona kuti mwiniwake sakusuntha kwa mphindi imodzi kapena kuyandikira apo, imawerenga masekondi 30 ikulira, kenaka imaimba yokha ku nambala ya ngozi. Zipangizo za pa ntchito zimatumiza uthenga kwa kapitawo kapena ku malo olandirira mauthenga amene amakhala otsegula usana ndi usiku. Uthengawo umanena dzina la wantchito ndi malo amene ali, potsata GPS. Wolandira uthenga amatha kumva zimene zikuchitika ndi kulankhula ndi wovulalayo kudzera pa chipangizo chomwecho. Ku Britain ntchito imeneyi ili ndi muyezo wake wotchedwa BS 8484, umene unatuluka koyamba mu 2009.

Zofooka zake

Opanga zipangizozi amavomereza okha kuti sizizindikira kugwa kulikonse. Munthu amene wachita chizungulire n'kutsetsereka pang'onopang'ono motsamira khoma sagunda pansi mwamphamvu, choncho kasensa kakhoza kukhala chete. Nthawi zina chipangizo chimalira popanda ngozi, monga pamene njinga yamoto yagunda dzenje kapena munthu wadumpha ngalande, ndipo zikachuluka zotere antchito amatopa nacho n'kuchisiya m'chikwama. GPS siigwira bwino m'nyumba, m'chitsime kapena pakati pa mapiri. Kumene kulibe netiweki uthenga sutuluka, pokhapokha ngati chipangizocho n'cholumikizana ndi setilaiti, ndipo zotere n'zokwera mtengo. Batire likatha, zonse zaima. Makampani ambiri amalipiritsanso mwezi ndi mwezi.

Chofooka chachikulu koposa chili kwa ife anthu. Chipangizo chimangoitana; sichidzutsa wakugwa, sichimanga bala, sichiyendetsa galimoto. Uthenga wofika pa foni yozimitsa, kapena kwa munthu amene alibe kiyi wa pa geti, sunapulumutse aliyense. Phindu la alamu limalingana ndi changu cha amene akuiyankha.

Malamulo ndi chiphunzitso cha Eklezia

Ku Britain lamulo la 1974 la umoyo ndi chitetezo pa ntchito limapatsa wolemba ntchito udindo woteteza antchito ake onse, kuphatikizapo ogwira okha. Lamuloli sililetsa kugwira ntchito wekha, koma bwana ayenera kuunika zoopsa ndi kukonzeratu njira ya thandizo. Kuno kwathu, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pa ntchito mu 1997, ndiponso la chipukuta misozi cha antchito ovulala mu 2000.

Eklezia wakhala akuphunzitsa za nkhaniyi kwa nthawi yaitali. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya 1891, anadzudzula kusenzetsa antchito katundu woposa mphamvu zawo. Papa John Paul II, m'kalata ya Laborem Exercens ya 1981, anatsindika kuti munthu ndi wofunika kuposa ntchito ndi phindu lake, ndipo anaika malo a ntchito osaononga thanzi pakati pa maufulu a wantchito. Buku la Mlaliki, mutu 4 ndime 9 ndi 10, limachenjeza za tsoka lenilenili la kugwa popanda wokudzutsa. Tisaiwale kuti parishi nayo ndi bwana: ili ndi alonda, ophika, osamalira munda ndi akatekisiti. Chimene timalalika pa guwa chiyenera kuonekera pa geti la parishi usiku.

Zimene tingachite m'maparishi athu

Maparishi athu ambiri sangathe kugula zipangizozi msanga, koma nzeru yake tingaitsate lero lomwe ndi zimene tili nazo.

Choyamba, bungwe la parishi lilembe maina a onse amene amagwira ntchito okha, nthawi imene amagwira, ndi zoopsa zimene amakumana nazo.

Chachiwiri, ntchito zina zisagwiridwe ndi munthu mmodzi: kukwera pa denga la tchalitchi, pa nsanja ya belu kapena pa thanki ya madzi, kulowa m'chitsime, ndi kudula mitengo ikuluikulu.

Chachitatu, pakhale pangano la nthawi. Katekisiti ponyamuka anene njira imene adzere ndi nthawi yofika. Mlonda aimbe kapena afulashe pa maola ogwirizana. Nthawi ikadutsa kuli zii, wina aimbe foni, ndipo ikapanda kuyankhidwa anthu awiri anyamuke kukaona. Osadikira kuti kuche.

Chachinayi, mlonda akhale ndi tochi, wenzulo ndi foni ya moto ndi mayunitsi, ndipo mabanja a mphakati woyandikana ndi parishi adziwe tanthauzo la wenzuloyo.

Chachisanu, oyankha aphunzire chithandizo choyamba. Munthu amene wagwa kuchokera pamwamba kapena akumva ululu m'khosi ndi msana asanyamulidwe mwachisawawa. Wokomoka asamwetsedwe kanthu. Wovulala afunditsidwe, ndipo aliyense amene wagunda mutu akaonedwe ku chipatala ngakhale akunena kuti ali bwino.

Chipatala, sukulu kapena parishi imene ikufuna kugula chipangizo ifunse kaye ngati pamalopo pali netiweki, batire limakhala maola angati, uthenga udzafika kwa yani, ndipo malipiro a pamwezi ndi angati. Chiyesedwe kawirikawiri. Wantchito auzidwe momveka kuti chipangizocho chimaonetsa kumene ali, ndipo chigwiritsidwe ntchito pomuteteza pa maola a ntchito okha, kusunga ulemu wake.

Pa 28 April, kuyambira mu 2003, bungwe la ILO limakumbutsa maiko za chitetezo ndi umoyo pa ntchito. Pa 1 May timachita chaka cha Yosefe Woyera Mmisiri, chimene Papa Pius XII anakhazikitsa mu 1955. Tikupempha mabungwe a maparishi kuti pa masiku amenewa chaka chilichonse azikhala pansi ndi antchito awo ndi kuyankha funso ili pa aliyense wa iwo: munthu uyu atagwa usiku uno, angadziwe ndani, patapita nthawi yotani, ndipo angapite kukamudzutsa ndani?