Mapazi 163 amene Newton anawamata

M'kope la 1713 la buku lake la Principia, Isaac Newton anawerengetsera kuti phokoso limayenda mapazi 979 pa sekondi mumpweya. Koma anthu oyeza ndi mfuti, amene ankaona kung'anima kwa wonga n'kumadikira kulira kwake, ankapeza mapazi pafupifupi 1,142. Panatsala mpata wa mapazi 163. Newton anaumata. Anaonjezera za kukula kwa tinthu ta mumpweya, n'kuonjezanso za nthunzi ya madzi, mpaka masamu anakwana ndendende. Ine ndimaona kuti apa mkuluyu anangobisa mng'alu ndi dothi.

Yankho linadza mu 1816 ndi Laplace. Phokoso likamadutsa limapanikiza mpweya mofulumira kwambiri moti umatentha pang'ono, ndipo kutenthako kulibe nthawi yothawa. Newton sanaziwerengere zimenezi. Chosowacho chinali nambala yotchedwa gamma. Mpweya womasuka kufutukuka umafuna moto wambiri kuti utenthe kusiyana ndi wotsekeredwa m'botolo, ndipo gamma imanena kuti wambiri kangati. Mpweya timapumawu, umene kwakukulu ndi msakanizo wa nayitrojeni ndi okosijeni, gamma yake ndi 1.4. Mukaiika m'masamu a Newton, liwiro limakwera ndi 18 peresenti, mpata uja n'kutsekeka pafupifupi wonse.

Chondikoka kwambiri ndi zimene zinachitika mu 1892. Lord Rayleigh anapeza kuti nayitrojeni wotengedwa mumpweya ndi wolemerako kuposa wopangidwa kuchokera ku amoniya. Kusiyanako kunali kochepa zedi poyerekeza ndi kwa Newton, koma iye analembera magazini ya Nature kupempha thandizo. Mu 1894, pamodzi ndi William Ramsay, anapeza kuti mumsakanizowo munabisala mpweya wina, argon.

Vuto linali lakuti argon sagwirizana ndi chilichonse. Nanga akanamudziwa bwanji? Anayeza liwiro la phokoso mwa iye n'kupeza gamma ya pafupifupi 1.66, ngati imene Kundt ndi Warburg anaipeza mu nthunzi ya mekyule mu 1876. Nambala yotere imaonetsa kuti maatomu akuyenda lililonse palokha, osati awiriawiri. Ndiye kuti atomu ya argon imalemera pafupifupi 40, ndipo pa tchati cha Mendeleev panalibe malo ake. Mendeleev mwiniwake anakayika, akumati mwina ndi maatomu atatu a nayitrojeni ophatikizana. Pofika mu 1898 Ramsay ndi Morris Travers anali atapeza neon, krypton ndi xenon, ndipo tchaticho chinafunika mzere watsopano.