Mphasa ndi Nkhokwe: Mawu a Kompyuta kwa Woyamba Kumene

Azakhali anga atasankhidwa kukhala msungichuma wa banki m'khonde, msuweni wanga wa ku Johannesburg anawatumizira laputopu yakale kuti azilembamo masheya ndi ngongole za gulu. Laputopuyo inagona m'sutikesi miyezi isanu, itakulungidwa m'chitenje. Tsiku limene ndinawachezera n'kuiyatsa, anakhala pamphepete pa mpando manja ali pamiyendo, ngati munthu amene akudikira zotsatira za magazi kuchipatala.

"Mwanangu, ine ndizingoonera. Ndikakhudza ndiwononga."

Awatu ndi mayi amene amatumiza ndalama pa Mpamba uku akuvundula nsima, amenenso amajambula mawu pa WhatsApp n'kutumizira mtundu wonse. Foni yawoyo ndi kompyuta ndithu, ndipo mwina ndi yamphamvu kuposa laputopu imene ankaiopa. Nditakhala nawo masiku atatu ndinaona kuti chimene chinkawamanga manja kwambiri ndi mawu. Chilichonse chimene makinawo ankanena chinali m'chinenero chachilendo, ndipo munthu ukapanda kumva zimene mnzako akunena, umayamba kuganiza kuti akukukalipira.

Mawu ambiri a pakompyuta anapangidwa dala kuti achotse mantha, kungoti mantha a anthu ena. M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a ku Xerox PARC ku California anaganiza zoti sikirini izioneka ngati tebulo la muofesi, kuti kalaliki akakhala pamenepo aone zinthu zimene akuzidziwa kale. N'chifukwa chake malo oyamba kuoneka amatchedwa desktop, kutanthauza pamwamba pa tebulo. Fayilo ndi chikalata chimodzi. Foda ndi chikuto chapepala lolimba chosungiramo zikalata. Pambali pali kabini kotayamo zosafunika. Nzeru imeneyi inatuluka m'makina a Xerox Star mu 1981, kenako Macintosh ya Apple inaifalitsa mu 1984. Kwa mlembi wa ku America zonsezi zinali zapakhomo. Kwa mayi amene mabuku ake a gulu amasunga m'jumbo kunsi kwa matiresi, mawu omwewo asanduka ndagi. Ngakhale kachithunzi kosevera ndi ndagi kwa achinyamata a lero: ndi chithunzi cha floppy disk, kachimbale kamene kankasunga 1.44 MB basi, malo osakwana n'komwe chithunzi chimodzi chabwino cha pafoni.

Tinayambira pa mausi, amene ndinawagulira chifukwa kagalasi kosisita ka palaputopu kankawavuta. Nditawauza kuti dzinalo likutanthauza mbewa, anaitembenuza, nayang'ana chingwe chake, n'kuseka koyamba tsiku limenelo. Amene anaitcha dzinali anaonanso mchira womwewo. Gulu la Douglas Engelbart linapanga yoyamba ndi thabwa, ndipo iye anaionetsa kwa anthu ku San Francisco mu December 1968. Azakhali poyamba ankainyamula m'mwamba n'kumailozetsa pasikirini ngati rimoti. Ataikhazika patebulo, kamuvi ka pasikirini kanayamba kuwamvera. Chinawatengera nthawi ndi kudina kawiri, chifukwa dzanja linkagwedezeka pakati pa kudina koyamba ndi kwachiwiri, ndipo kachithunzi kamene ankadina kankangokokeka m'malo motseguka. Ndinawaonetsa njira ina, kudina kamodzi kenako n'kusindikiza Enter, ndipo tinapitirira. Vuto limeneli ndi lakale. Microsoft inaika sewero lamakhadi la Solitaire mu Windows 3.0 mu 1990, ndipo anthu osawerengeka anaphunzirira pamenepo kudina ndi kukoka akuganiza kuti akungosewera.

Kiyibodi nayo imachititsa munthu manyazi opanda chifukwa. Wophunzira amafufuza chilembo chimodzi kwa nthawi yaitali n'kumadziona ngati mbuli. Zilembozo sizinayalidwe motsatira alifabeti. Dongosolo la QWERTY linachokera ku makina otayipira a Christopher Latham Sholes, amene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874, ndipo aliyense amene amatayipa mofulumira lero anayamba ndi chala chimodzi.

Chimene chinandikhudza mtima chinachitika tsiku lachiwiri. Azakhali anatayipa mu Word chiganizo chawo choyamba, choitanira anthu kumsonkhano wa Loweruka, ndipo pafupifupi liwu lililonse linatuluka ndi kamzere kofiira kunsi kwake. Anachotsa manja msangamsanga. Inki yofiira anaidziwira kusukulu, ndipo tanthauzo lake ndi limodzi: walakwa. Koma iwo sanalakwitse kanthu. Pulogalamuyo inkayerekezera mawu awo ndi dikishonale yake ya Chingerezi, ndipo liwu lililonse limene sinalipeze inalichonga. Mbuli apa anali makinawo, amene sadziwa kuti ng'ombe imalembedwa ndi kachizindikiro pakati. Ndimadzifunsa kuti ndi anthu angati amene anasiyira pomwepa, atauzidwa ndi makina kuti chinenero chawo chonse n'cholakwika.

Pali mfundo imodzi imene ndimaona kuti iyenera kuphunzitsidwa tsiku loyamba, ngakhale asanaphunzire mayina a mabatani. Kompyuta ili ndi malo awiri osungira zinthu. Oyamba ndi RAM, pamene pamakhala chimene ukugwirapo ntchito panthawiyo. Achiwiri ndi hard disk, kapena SSD m'makina atsopano, mmene zinthu zimakhalamo ngakhale makina atazima. Kwa azakhali ndinati RAM ndi mphasa yoyanikapo chimanga pabwalo, ndipo hard disk ndi nkhokwe. Pamphasa m'pamene umapeta ndi kusankha, koma mvula ikagwa mwadzidzidzi zapamphasa zimapita. Kuseva ndi kututa zapamphasa n'kukathira m'nkhokwe, ndipo njira yachidule ndi Ctrl ndi S. Batire la laputopu yawo linali lakufa, choncho magetsi atazima madzulo omwewo, mayina asanu ndi awiri amene anali asanaseve anapita nawo. Sanadandaule kwambiri, chifukwa anamvetsa chimene chachitika. Chinthu chikatayika iwe ukudziwa chifukwa chake, umayambiranso. Chikangosowa popanda kufotokoza, umabweza makinawo m'chitenje.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo anthu a msinkhu wa azakhali anakula akudziwa kuti chinthu chodula ukachilakwitsa kamodzi, chatha. Pakompyuta madzi ambiri amaoleka. Ctrl ndi Z amabweza chimene wangochita kumene, ndipo ukasindikizanso amabwerera m'mbuyo kachiwiri. Ndinawauza kuti afufute dala ndime yonse imene anavutikira kwa theka la ola. Anakana kawiri. Kachitatu anafufuta atatseka diso limodzi, n'kusindikiza mabatani awiriwo, ndipo mawu onse anabwerera m'malo mwake. Anachitanso kanayi payekha, osatumidwa. Recycle Bin, kabini kotayamo zosafunika kaja, nayonso ili ngati dzala la kuseri kwa nyumba: chimene wataya chimakhala pomwepo, ukhoza kukachitolanso bola dzalalo lisanatenthedwe.

Opanga mapulogalamu nawonso ali ndi mlandu pa mawu amene anasankha. Amene tinagwirako Windows 95 ndi 98 timakumbukira uthenga wonena kuti pulogalamu yachita illegal operation. Munthu wodziwa Chingerezi pang'ono ankamva kuti waphwanya lamulo, pomwe zimangotanthauza kuti pulogalamu yayesa kuchita chimene makina sangalole, ndiye yatsekedwa. Fatal error ilibe maliro, ndi pulogalamu chabe imene yalephera kupitiriza. Crash sikutanthauza kuti china chasweka. Nthawi zambiri kuzimitsa n'kuyatsanso kumakwanira. Vayirasi si kachilombo kamoyo ndipo sagwira munthu. Ndi pulogalamu yolembedwa ndi munthu wa mtima woipa, imene kwathu kuno imayenda kwambiri pamafulashi opita nawo kokapulintitsa. Mtundu wina wofala umabisa mafayilo n'kusiya timashotikati, ndipo mwini fulashi amalira poganiza kuti zonse zapita, chonsecho nthawi zambiri zimakhala zili momwemo, zangobisika.

Sindikunena kuti mantha onse achoke. Pali malo ochepa amene madzi ake saolekadi, ndipo woyamba kumene ayenera kuwadziwa ndi mayina. Format imasesa fulashi kapena disk yonse, choncho makina akakufunsa zimenezo, ima kaye ufunse. Chimene wafufuta pafulashi kawirikawiri sichipita ku Recycle Bin. Pasiwedi ili ngati nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, siuza munthu, ngakhale woimba foni amene akudzitcha wa kukampani. Apa azakhali sanafunike phunziro, chifukwa atsinzinantole a pafoni anawadziwa kalekale. Munthu akadziwa maenje atatu kapena anayi amenewa, bwalo lonse lotsala amayendamo momasuka.

Koma mlandu waukulu ndimauika pa ife amene tinadziwa msanga. Mkulu akatifunsa kanthu timamulanda mausi, timadina kasanu m'kanthawi kochepa, n'kunena kuti "zatheka." Iye watsala pomwe anali, ndipo waphunzirapo chinthu chimodzi chokha, chakuti manja ake ndi ochedwa. Timamuthiranso Chingerezi chimene ifenso sitinachimvetse bwino. Masiku atatu amene aja ndinadziikira lamulo loti manja anga akhale kumbuyo, ndipo linali lovuta kusunga. Liwu lililonse ndinkalinena mmene lalembedwera pasikirini, chifukwa ndi limene adzakumane nalo ine kulibe, kenako n'kulipezera mnzake wa pakhomo.

Tsiku lomaliza tinatsegula Excel. Timabokosi take anatimvetsa msanga, chifukwa buku la gulu nalonso ndi la mizere yotsika ndi yopingasa. Analowetsa masheya a anthu onse, ine n'kuwaonetsa SUM, ndipo chiwerengero chinatuluka nthawi yomweyo. Sanachikhulupirire. Anatenga bolopeni ndi pepala, nawonkhetsa okha kawiri milomo ikuyenda, mpaka manambala anagwirizana.

Patapita milungu itatu anandiimbira usiku.

"Mwanangu, ndinafufuta mzere wonse wa ngongole za mwezi watha."

Ndinayamba kuwafotokozera chochita, koma anandidula.

"Ayi, ndabweza kale ndekha, ndaikanso m'nkhokwe. Chimene ndakuimbira n'china. Mlembi wathu akufuna ndimuphunzitse Loweruka. Kodi mbewa ija unaigula ndalama zingati?"