Kumene Zinacokera Zizindikiro za m'Kalembedwe

Mwana akayamba kulemba, kawirikawiri mau ace amangoyenderera ngati madzi a mumtsinje, osaima pena paliponse. Kholo limene laphunzira kuwerenga litakula kale limazizwa poona tsamba lotere, ndipo nthawi zina limakalipa. Koma mwanayo sali woyamba kulemba motero. Anthu anzeru a ku Greece, amene mabuku ao akuwerengedwabe kufikira lero, analemba comweco zaka mazana ambiri, osasiya ngakhale mpata pakati pa mau. Aroma poyamba anali kuika kadontho pakati pa liu ndi liu linzace, koma pambuyo pace analeka, natsanzira Agiriki. Mzere wao, ukadakhala wa m'Cinyanja, ukadaoneka motere: MWANAWAPITAKUMUNDANDIAMACE.

Buku lotere munthu sakadatha kulitola ndi kuliwerenga pomwepo pamaso pa anthu. Anayenera kuliphunzira poyamba, ndi kuchula mau ace mokweza, kufikira makutu atamuuza pamene liu latha ndi pamene lina layamba.

Monga zaka 200 Yesu asanabadwe, kunali munthu dzina lace Aristophanes wa ku Byzantium, woyang'anira nyumba yaikulu ya mabuku mumzinda wa Alexandria ku Egypt. Iye ndiye amene ophunzira amamuyesa woyambitsa zizindikiro. Nzeru yace inali ya kadontho kamodzi kokha, koikidwa pansi, pakati kapena pamwamba pa mzere, monga mwa kutalika kwa kupuma kumene wowerenga afunika. Kadontho kapamwamba kanali kunena kuti ganizo latha. Tsono cizindikiro coyambaco cinali cothandiza mpweya wa munthu wowerenga mokweza.

Nzeru imeneyi siinafale msanga. Alembi a mabuku sanaisamale, ndipo nchito yoika madontho inatsalira wowerenga mwini wace, makamaka ana a sukulu. Mnyamata wa ku Roma anali kukhala pansi ndi mphunzitsi wace, nalekanitsa mau, naika zizindikiro m'buku lace asanaimirire kuliwerenga. Mphunzitsi wina womveka, Quintilian, amene analemba za maphunziro a ana ca m'ma 95, ananena kuti mwana ayenera kudziwa pogwira mpweya, popumira, pamene ganizo latha ndi pamene layamba, pokweza liu ndi politsitsa. Ndipo anati njira yofikira zonsezi ndi imodzi yokha, ndiyo kuti mwanayo amve tanthauzo la zimene alikuwerenga. Pa mau onse olembedwa za nkhaniyi, awa ndiwo oposa, pakuti mwana wosamva cimene walemba adzangomwaza madontho monga nkhuku imwaza gaga.

Ca m'ma 400 Jerome, pomasulira Baibulo m'Cilatini, anayesa njira yina: ganizo lililonse analiyambira pa mzere wacewace, kuti owerenga osazolowera asapunthwe. Pambuyo pace Mau a Mulungu anafika ku Ireland, kwa anthu amene Cilatini sicinali cinenero cobadwa naco. Makutu ao sakadawauza pothera liu, popeza sanaciyamwe kwa amao. Cifukwa cace amonke a kumeneko, m'zaka za m'ma 600 ndi 700, anayamba kusiya mpata pakati pa mau. Mpata umene munthu aliyense auona lero m'buku unacokera kwa alendo obvutika ndi cinenero ca eni ace.

M'caka ca 789 mfumu Charlemagne, imene inalamulira France ndi maiko ozungulira, inalamula kuti pa nyumba za amonke ndi za mabishopu pakhale sukulu za anyamata, ndiponso kuti mabuku akonzedwe bwino, pakuti anthu ofuna kupemphera bwino anali kupemphera molakwa cifukwa ca mabuku olakwika. Lamulolo linatinso anyamata asaloledwe kuononga mabuku powerenga kapena polemba, ndipo mabuku opatulika alembedwe ndi anthu aakulu msinkhu. Zioneka kuti aphunzitsi a masiku amenewo anali ndi madandaulo omwewo a aphunzitsi a lero. Mlangizi wa mfumuyo, Alcuin wa ku York, anailembera kalata m'caka ca 799 kudandaula kuti alembi atsala pang'ono kuiwaliratu madontho. M'mabuku a nyengo yomweyo ndimo muyamba kuoneka cizindikiro ca funso, comuuza wowerenga kuti asinthe liu.

Makina osindikizira mabuku atabwera ca m'ma 1450, zizindikiro zinakhazikika, pakuti buku limodzi linali kuturuka mazanamazana lofanana. Wosindikiza wa ku Venice, Aldus Manutius, m'buku lina la m'caka ca 1496 anagwiritsa nchito kadontho ka mcira, koikidwa pansi pa mzere, kamene m'sukulu amakacha mpatuliro. Kucokera pa Aristophanes kufikira pamenepo panapita zaka monga 1,700, ndipo sikoyenera kuyembekeza kuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri atsirize ulendo wonsewo pa mwezi umodzi.

Kholo lofuna kuthandiza mwana lingathe kutsata mapazi a mbiriyi. Mwana akalemba mizere iwiri kapena itatu, aimirire, awerenge mokweza zimene walemba yekha. Akangothamanga mpweya nkumuthera, kholo lisamuuze kanthu, koma limuwerengere tsambalo momwe liliri, osapuma konse. Mwanayo adzaseka, ndipo adzaloza yekha poyenera kuima. Pamenepo aike mpumiro, ndi lembo lalikulu poyambira ciganizo cotsatira. Masabata angapo akwanira pa cizindikiro cimodzici. Mfunsiro ubwere paciwiri, popeza khutu liumva msanga. Mpatuliro udikire, pakuti ngakhale akulu amatsutsana za malo ace.

Pophunzitsa mfunsiro, citsanzo ca kalata cithandiza koposa. Munthu ali kutali ku nchito alembera atate ace kumudzi kuti, "Ng'ombe ija mwagulitsa?" Polankhula, liu lace likadamveka kuti alikufunsa, koma pepala liribe liu. Akasiya liu lakuti "kodi", naiwalanso mfunsiro, atatewo adzawerenga kuti, "Ng'ombe ija mwagulitsa." Adzayesa kuti mwana wao alikuwanenera mlandu, ng'ombeyo ili m'khola. Mwana wa sukulu awerenge ziganizo ziwirizi mokweza, cina ndi cinzace, ndipo anene yekha cimene cidzakwiyitsa nkhalambayo.