Bonongwe wa pa Khola Lakale

Adzukulu anga, inu bonongwe mumachita kugula pamsika, womanga m'timitolo. Ife kale sitinkafesa ayi. Mvula yoyamba ikangonyowetsa nthaka, ankamera yekha padzala, kuseri kwa nkhokwe, makamaka pamene panali khola la ng'ombe. Pamenepo masamba ake ankakula ngati chikhatho cha mwana. Popalira chimanga, amayi ankatikalipira tikamudula ndi khasu, poti Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, ndiye ankatsitsa nsima.

Kutchola kwake sikunali kongozula. Unkabudula nsonga zanthete zokha ndi chikhadabo, tsinde n'kulisiya kuti liphukenso. Wa minga uja tinkatcholanso akadali wamng'ono, koma mtsikana waphuma ankabwerako zala zikuwawa. Kunyumba ankamutsuka mchenga, kuponya mumphika wa dothi, kenako nsinjiro zosefa bwino palichero. Mafuta ophikira tinkawaona kuti? Bonongwe wotendera ankakwana, ndipo ine mpaka lero wokazinga uja ndimadya mongolemekeza wophika.

Akachuluka, ankamufutsa: kuwiritsa pang'ono, kuyanika pamphasa, akauma kumanga chikwatu ndi masamba a msuku n'kupachika kudenga, pamene utsi umafika. Amayi athu amene anaona njala ya 1949 sankaseka ndi mfutso. Mtsikana wokwatiwa wopanda chikwatu m'nyumba ankanenedwa pamtondo.

Mitengo ya bonongwe ikauma sinkatayidwa. Ankaitentha pamodzi ndi zitsononkho, phulusa n'kuliika m'mphika wobowola pansi, atayalamo udzu. Akathira madzi pamwamba, ankadontha pang'onopang'ono m'mbale, ofiirira. Chimenecho ndiye chidulo, chofewetsera thelere ndi nkhwani soda wa m'sitolo asanafale. Chikachuluka, ndiwo zinkawawa, ndipo apongozi ankangoyang'ana pansi osalankhula.

Za kudzola, musandinamizire kuti tinkadzola bonongwe. Ife khungu linkawala ndi nsatsi, zokazinga, kusinja ndi kuwiritsa mpaka mafuta atayandama. Njere za bonongwe tinkasiyira nkhuku ndi mbalame. Ndi mlongo wanu wophunzira uja anandiuza kuti ku Mexico anthu akhala akulima mtundu wina chifukwa cha njere kuyambira makedzana, amazikazinga mpaka zithetheke n'kuziumba ndi uchi, ndipo kuti mafakitale akunja amayenga njerezo n'kuthira mafuta ake m'zodzola za m'mabotolo. Ndinamufunsa mtengo wa botolo limodzi, atatchula ndinamuuza kuti akanditengere nsatsi kuseri kwa bafa.